Mtanthauziramau Wopanda Matanthauzo: Kuyesa Mau Achinsinsi pa Moodle ndi Funso la Liwu m'Ziyankhulo za Chibantu

1. Mau oyamba

Kuyambira chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 udatseketsa sukulu m'maiko ambiri a m'chigawo chathu chino, ntchito yochuluka ya m'masukulu a ukachenjede idasamukira pa intaneti. Wophunzira amalandira zoŵerenga, amapereka ntchito yake, ndipo mwina amalemba ndi mayeso omwe kudzera pa pulogalamu yophunzirira. Mphunzitsi naye amasunga malikisi pomwepo. Chotseka pakhomo pa zonsezi ndi mau achinsinsi, amene ambiri amangoŵatcha pasiwedi. Munthu amene waŵatulukira mau a mnzake amaloŵa ngati mwiniwake, kotero kuti angathe kufafaniza ntchito ya mnzakeyo, ndipo ngati mauwo ndi a mphunzitsi, angathe kuona mafunso tsiku la mayeso lisanafike kapena kusintha malikisi a kalasi yonse.

M'nkhani ino tifuna kufotokoza njira imodzi imene mapulogalamu ameneŵa amatetezera pakhomopo, ndiyo yoyerekeza mau amene munthu wasankha ndi mndandanda umene anthu a makompyuta amautcha mtanthauziramau. Nkhaniyi ingaoneke ngati yao okha, koma pakatikati pake pagona funso limene akatswiri a ziyankhulo za Chibantu akhala akulimbana nalo kuyambira masiku a Clement Doke, lakuti liwu nchiyani, liyambira pati ndipo lithera pati. Ganizo lathu ndi lakuti mndandanda wofunika pa ntchito imeneyi si wa mau oyambira ndime m'buku lotanthauzira mau ai, koma wa mau monga momwe anthu amaŵalembera pokamba zao, ndipo kuti kusiyana kumeneku, kumene m'Chingerezi nkochepa, m'ziyankhulo zathu nkwakukulu ndithu.

2. Kumene njirayi idachokera

Kompyuta yosamalidwa bwino sisunga mau achinsinsi monga momwe mwiniwake adaŵalembera. Imayamba yaŵapera ndi masamu ena, ndipo chimene chimatuluka ndi mzere wosamveka wa malembo ndi manambala, wotchedwa hash. Kupera kumeneku kuli ngati kwa chigayo, pakuti chimanga chimasanduka ufa koma ufa subwereranso kukhala chimanga. Munthu akafuna kuloŵa, makina amapera mau amene walembawo nkuyerekeza ufa watsopanowo ndi umene adasunga kale. Tsono mbala ikaba fayilo ya ufa umenewu singathe kuŵerenga mau a anthu mwachindunji. Chimene imachita ndi kutenga mau ongoganizira, kuŵapera limodzilimodzi, ndi kuona amene ufa wake wafanana ndi wobedwawo. Ndipo siyamba ndi mau otola mwachisawawa. Imayamba ndi amene anthu amakonda kusankha.

Zimenezi zidadziŵika kalekale. M'chaka cha 1979 Robert Morris ndi Ken Thompson a ku Bell Laboratories adalemba za mau achinsinsi 3,289 amene adaŵasonkhanitsa, ndipo adapeza kuti 2,831, ndiye kuti 86 pa 100 alionse, adali osavuta kuŵatulukira. Ambiri adali afupiafupi chabe, koma 492 adapezeka m'mabuku otanthauzira mau, m'mindandanda ya maina ndi mwina motere. Mu November 1988 pulogalamu yodzifalitsa yokha, imene adalemba mwana wa Morris yemweyo, idasokoneza makompyuta ambiri ku America, ndipo china mwa zida zake chidali kamndandanda ka mau 432 okha. Daniel Klein mu 1990 adayesa mau achinsinsi pafupifupi 14,000 nathyola pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai. Chotikhudza ife nchakuti Klein sadakhutire ndi Chingerezi chokha. M'mndandanda wake adaikamo maina a anthu ndi a malo, mau a Chiyidishi, ndiponso maphatikizo a Chitchaina olembedwa m'malembo athuŵa, pakuti munthu akauzidwa kuti asankhe mau obisika, kaŵirikaŵiri amathaŵira ku chiyankhulo cha kwao.

Yankho la oteteza silidavute kuliganiza. Ngati mbala ili ndi mndandanda, mlonda akhale nawonso, ndipo akane mau alionse opezeka m'menemo munthu asanayambe kuŵagwiritsa ntchito. Alec Muffett, amene adatulutsa pulogalamu yothyolera yotchedwa Crack mu 1991, ndi yemwenso pambuyo pake adalemba CrackLib, yoyesera mau pamene munthu akusankha.

Tanthauzo la "mtanthauziramau" lidasinthiratu mu December 2009, pamene kampani ya RockYou idabedwa mau achinsinsi a anthu okwana 32 miliyoni amene inkaŵasunga osapera. Mau osiyanasiyana m'menemo adalipo pafupifupi 14 miliyoni, ndipo otchuka koposa onse adali 123456. Kuyambira pamenepo mbala siidaliranso buku la wolemba matanthauzo, popeza ili ndi umboni wa zimene anthu enieni adasankha. Nchifukwa chake bungwe la NIST la boma la America, m'malangizo ake a 2017 otchedwa SP 800-63B, lidati mau atsopano aziyerekezedwa ndi mndandanda wa mau obedwa kale, mau a m'mabuku otanthauzira, malembo obwerezabwereza kapena otsatana, ndi mau okhudza malowo monga dzina la munthuyo kapena la pulogalamuyo. Malangizo omwewo adatsutsa chizoloŵezi chokakamiza anthu kusakaniza malembo aakulu, manambala ndi zizindikiro.

3. M'mene Moodle imayesera mau

Titenge Moodle ngati chitsanzo, popeza masukulu ambiri a ukachenjede a m'chigawo chathu amaigwiritsa ntchito. Adaiyamba ndi Martin Dougiamas wa ku Australia, ndipo idatuluka koyamba mu 2002. Ikangoikidwa kumene, woyang'anira asanasinthe kanthu, imafuna kuti mau achinsinsi akhale ndi malembo osachepera 8, ndipo mukhale nambala imodzi, lembo lalikulu limodzi, laling'ono limodzi, ndi chizindikiro chimodzi chosakhala lembo kapena nambala. Malamulo ameneŵa amaŵerenga mitundu ya malembo basi, sayang'ana chimene malembowo akunena. Motero mtsikana wotchedwa Chikondi, wobadwa mu 1998, akalemba Chikondi1998! wakwaniritsa zonse, ngakhale kuti mnzake wogona naye chipinda chimodzi angaŵatulukire mauwo asanayese kakhumi.

Kuyesa ndi mndandanda kumabwera ndi zowonjezera zimene woyang'anira amaika yekha. Chimodzi chodziŵika ndi Password Validator cha kampani ya Catalyst IT, chimene chimakana mau omangidwa pa liwu limodzi lopezeka m'mndandanda, ndipo mndandanda umene chimabwera nawo ndi wa mau ofala a Chingerezi okwana ngati 10,000. Zoyesera za mtundu umenewu zimagwira ntchito makamaka pamene munthu akusankha kapena kusintha mau ake, mauwo asanaperedwe. Poyamba zimachotsa manambala ndi zizindikiro kuti patsale malembo okha. Kenaka zimagaŵa zotsalazo potsata mipata, ndipo chidutswa chilichonse cha pakati pa mipata iŵiri chimatengedwa ngati liwu. Potsiriza zimafunafuna liwulo m'fayilo, posaŵerengera kukula kwa malembo. Zina zochenjererapo zimabwezanso malembo obisidwa, monga @ m'malo mwa a kapena 0 m'malo mwa o. Choncho Summer2024! amasanduka summer, amapezeka, ndipo amakanidwa. Chikondi1998! amasanduka chikondi, sapezeka, ndipo amaloledwa.

Pali njira inanso imene tiyenera kuitchula mwachidule. Troy Hunt, mwini wa Have I Been Pwned, adatsegula mu 2017 nkhokwe ya mau achinsinsi obedwa okwana mamiliyoni mazanamazana, ndipo mu 2018 idakonzedwa njira yofunsira nkhokweyo popanda kuulula mau. Pulogalamu imapera mauwo ndi masamu otchedwa SHA-1, nkutumiza malembo 5 oyamba okha mwa malembo 40 a ufawo. Nkhokwe imabweza onse oyamba chimodzimodzi, ndipo kuyerekeza komaliza kumachitikira kusukulu konko. Njirayi ilibe nazo ntchito za chiyankhulo, koma imadziŵa zokhazo zimene zidabedwapo kale. Chiyankhulo chimene eniake ndi ochepa pa intaneti chidzakhalanso ndi mau ochepa m'nkhokwemo.

4. Liwu la Chibantu pamaso pa makina

Taonani tsono ziganizo zinai izi, zimene tanthauzo lake ndi limodzi:

(1) ndimakukonda, m'Chicheŵa
(2) ngiyakuthanda, m'Chizulu
(3) ndinokuda, m'Chishona
(4) ke a go rata, m'Chipedi ndi m'Chitswana

Tonse tidziŵa kuti mamangidwe ake ndi amodzi: mgwirizanitsi wa mwininkhani, mphatikiri wa nthaŵi, mgwirizanitsi wa pamtherankhani, ndi tsinde la mneni. Kusiyana kwake nkwa kalembedwe chabe, kumene tidakulandira kwa amishoni ndi mabungwe a ziyankhulo. Komatu kwa makina amene amadziŵa liwu poona mipata, zitsanzo zitatu zoyambazo ndi liwu limodzilimodzi, pamene chachinai ndi mau anai. Ngati lamulo ndi lokana liwu limodzi lopezeka m'mndandanda, chitsanzo (4) chidutsa chifukwa chaŵerengedwa ngati mau ambiri, ndipo (1) mpaka (3) zidutsa chifukwa mndandandawo ndi wa Chingerezi. Zonse zinai zaloledwa, chonsecho m'Chingerezi chiganizo chomwechi, cholembedwa pamodzi, chili m'gulu la mau otchuka kwambiri m'mndandanda wa RockYou.

Woyang'anira wachangu angaganize kuti mankhwala ake ndi osavuta, kungotenga buku lotanthauzira mau la Chicheŵa ndi kulitsanulira m'fayilo. Mabuku tili nawo, kuyambira la Johannes Rebmann la 1877, la David Clement Scott la 1892 limene Alexander Hetherwick adalikonzanso mu 1929, mpaka Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies ku Zomba ndi mabuku a Steven Paas. Koma wolemba matanthauzo saika ndimakukonda ngati mutu wa ndime. Amaika tsinde, konda, ndipo amakhulupirira kuti woŵerenga adziŵa kuvula aphatikiri payekha. Makina oyerekeza malembo sadziŵa kuvula kanthu. Kwa iwo konda ndi ndimakukonda ndi zinthu ziŵiri zosagwirizana konse.

Tiyeni tiŵerengere kukula kwa mpata umenewu. Agwirizanitsi a mwininkhani osiyana kalembedwe alipo 12: ndi, u, a, ti, mu, i, li, chi, zi, ka, ku, pa. Titengeko aphatikiri a nthaŵi 7 okha: na, da, ma, ku, dza, ka, nka. Malo a pamtherankhani angakhale opanda kanthu kapena kukhala ndi mmodzi mwa agwirizanitsi 13, kuphatikizapo dzi wodzichitira, ndiye kuti njira 14. Tikachulukitsa 12 ndi 7 ndi 14 tipeza mau 1,176 ochokera ku tsinde limodzi. Tikawonjeza misintho iŵiri yokha, wochitira ndi wochititsa, monga kondera ndi kondetsa, chiŵerengerocho chifika 3,528, ndipo kukana ndi si kuchiŵirikiza kaŵiri. Aneni 1,000 otere angatipatse mau mamiliyoni angapo, tisanakhudze nkomwe maina ndi afotokozi.

Pamenepa ena amanyengeka, namati chiyankhulo chathu nchotetezeka mwachibadwa, popeza palibe mndandanda ungachimalize. Ife sitikuvomereza. Mau 1,176 aja galamala imaŵalola onse mofanana, koma mtima wa munthu suŵasankha mofanana. Palibe wophunzira amene adzakhala pansi nkusankha kankachikondetsa. Khamu lonse lidzathamangira ku ndimakukonda, ndimakukondani ndi ena oŵerengeka ngati omweŵa. Ndipo ngakhale mbala itafuna kuŵayesa onse, mamiliyoni angapo si kanthu kwa mapulogalamu monga John the Ripper ndi Hashcat, amene ali ndi malamulo ophatikiza zidutswa kumayambiriro ndi kumapeto kwa liwu. Galamala ya mneni wa Chibantu ndi yolongosoka kwambiri, ndipo cholongosoka chilichonse nchosavuta kuchiphunzitsa makina.

Nkoyenera kunenanso za umboni wooneka ngati ukutsutsa nkhani yathu yonse. Joseph Bonneau mu 2012 adafufuza mau achinsinsi a anthu pafupifupi 70 miliyoni a pa Yahoo, ndipo adapeza kuti anthu a ziyankhulo zotalikirana amasankha mau ofooka ofanana, kotero kuti mbala yokhala ndi mndandanda wa chiyankhulo cha eniake sipindula kuposa kaŵiri poyerekeza ndi yokhala ndi mndandanda wa onse. Phunziro lake ndi lakuti mndandanda wa onse ndiwo woyamba kuikidwa, ndipo wathu ndi wachiŵiri. Koma mbala imene Bonneau ankaiganizira ndi yakutali, yosadziŵa munthu aliyense. Pasukulu mbala ili pafupi. Imayankhula chiyankhulo cha mwini mau, imadziŵa dzina la mwana wake, mudzi wa kwao, mpingo wake, ndiponso ngati ali wa Maule kapena wa Manoma. Pa mbala yotereyi mndandanda wa Chingerezi suthandiza, ndipo chotsekera munthu amene walephera kuloŵa kangapo, chimene Moodle ili nacho, chimagwira ntchito pokhapokha woyang'anira atachitsegula.

Maina athu amakulitsa vutoli, pakuti ambiri ndi mau wamba kapena ziganizo zathunthu: Chisomo, Madalitso, Mphatso, Tiyamike, Limbani. Choyesera chingathe kukana dzina la mwiniwake, popeza lili kale m'kaundula wa sukulu, koma dzina la mlongo wake kapena la bwenzi lake sichilidziŵa.

Kalembedwe nako kali ndi misampha yake. Nkhani ino yalemba mau ndi maina, pamene mabuku ambiri a masiku ano amalemba mawu ndi mayina. Chikondi cha ku Malaŵi ndi cikondi m'mabuku ambiri a ku Zambia. Malembo l ndi r amasinthana pakati pa olemba osiyana, monga mu kwambiri ndi kwambili. Kwa makina zonsezi ndi mau osiyana. Choyesera chimene chimazindikira malembo 26 a Chingerezi okha chimataya ŵ ngati chizindikiro wamba, kotero kuti Malaŵi amasanduka malai, amene safanana ndi malawi wa m'fayilo. Chimodzimodzinso š wa Chipedi ndi malembo a Chivenda okhala ndi kachizindikiro kunsi. Kachizindikiro kam'mwamba ka mu ng' kakachotsedwa, ng'oma yoimba ndi ngoma ya m'tchire zimakhala liwu limodzi. Kusokonezeka kotereku kungaipire wolemba matanthauzo, koma mlonda sikumpweteka, malinga ngati mau a munthu ndi mau a m'fayilo adutsa m'sefa imodzimodzi. Choopsa ndi kusefa mbali imodzi yokha.

Woyang'anira wina angayese kutseka mipata yonseyi pofunafuna mau a m'mndandanda m'kati mwa zimene munthu walemba, m'malo moyerekeza liwu lathunthu. Pa ziyankhulo za maphatikizo otseguka ngati zathu njira imeneyi imagwira osalakwa. Mu Madalitso muli mad, lit ndi so a Chingerezi. Mu chisomo muli his ndi is. Ndipo ngati fayiloyo ili ndi ke, a ndi go a Chitswana, kapena ndi, ku ndi pa athu, pafupifupi chilichonse chidzakanidwa. Wophunzira amene akulemba pa foni, ndalama za intaneti zikutha, akakanidwa kasanu popanda kuuzidwa chifukwa chomveka, amasankha mau amene mwiniwakenso sangaŵakumbukire, naŵalemba pachikuto cha kope.

5. Mndandanda umene ukufunika

Ntchito yofanana ndi imeneyi anzathu a ku South Africa adaiyamba kale pa cholinga china. D. J. Prinsloo ndi Gilles-Maurice de Schryver, polemba za mapulogalamu oona kalembedwe ka mau kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, adaonetsa kuti mndandanda wotengedwa m'nkhokwe ya zolembedwa umagwira bwino ntchito pa ziyankhulo zolembedwa mogaŵagaŵa monga Chipedi, koma pa zolembedwa mophatikiza monga Chizulu umafunika kukula kwambiri kuti uzindikire gawo lomwelo la mau. Njira ina ndi ya Hunspell, imene idakonzedwa poyamba chifukwa cha Chihangare, chiyankhulo china chokonda aphatikiri: fayilo imodzi imasunga masinde, ina imasunga malamulo a aphatikiri.

Koma mlonda wa pakhomo safuna zimene woona kalembedwe amafuna. Woona kalembedwe amalakwa akalephera kuzindikira liwu lololedwa, ngakhale losoŵa chotani. Mlonda safunika kudziŵa mau onse ololedwa, koma okhawo amene anthu ambiri angaŵaganize. Malangizo a NIST okonzedwanso mu 2025 akunena kuti mndandanda waukulu mopitirira muyeso suwonjezera chitetezo chenicheni. Motero ife tikuona kuti poyambira pabwino ndi mau zikwi zingapo opezeka kaŵirikaŵiri m'manyuzipepala, m'mabuku a nthano ndi m'zolemba za mipingo, otengedwa ndi aphatikiri ao omwe, liwu lililonse m'kalembedwe kake konse ka ku Malaŵi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Pamwamba pake paikidwe maina a anthu, a mafuko, a maboma, a mitsinje ndi mapiri, a matimu a mpira, ndi mau okhazikika a malonje, a chikondi ndi a chipembedzo, olembedwa pamodzi popanda mipata. Kusankha mau ameneŵa ndi ntchito ya munthu wodziŵa chiyankhulo ndi eniake. Chimene sichiyenera kuchitika ndi kusonkhanitsa mau achinsinsi a ophunzira eniakewo kuti tione zimene amakonda, ngakhale cholinga chitakhala chabwino chotani.

Miyambi iloŵemonso. Anthu amalangizidwa kuti chiganizo chachitali chimaposa liwu lalifupi, ndipo Mcheŵa akamva zimenezi maganizo ake amafikira pa mwambi. Koma miyambi idasonkhanitsidwa kale. Buku la J. C. Chakanza la m'chaka cha 2000 lili nayo 2,000, ndipo kuyesa ziganizo 2,000 ndi ntchito yosatenga nthaŵi kwa kompyuta. Utali umateteza pokhapokha ngati mau otsatanawo sakuitanana okha.

Apa mndandanda ungathenso kuthandiza munthu kusankha, m'malo momangomukana. Arnold Reinhold mu 1995 adakonza njira yotchedwa Diceware, ya mau 7,776, ndiye kuti 6 wochulukitsidwa yekha kasanu. Munthu amaponya dayisi kasanu kuti apeze liwu limodzi, ndipo mau 6 osankhidwa motere angatuluke m'njira zochuluka kotero kuti chiŵerengero chake chili ndi manambala 24. Mphamvu yake sigona pa kubisa mndandanda, pakuti ngakhale mbala itaudziŵa wonse, kusankhako ndi kwa mwai. Mndandanda wotere wa Chicheŵa ungakonzedwe, koma malamulo ake ndi otsutsana ndi a uja wokanira. Uja umafuna kalembedwe konse ka liwu. Uwu umafuna mau okhala ndi kalembedwe kamodzi kosakanganitsa, kuti munthu asaiŵale ngati adalemba mau kapena mawu. Mau okhala ndi ŵ kapena ng' ndi bwino kuŵasiya chifukwa cha mavuto a pa foni. Maina afupiafupi a zinthu zooneka, monga khasu, nsomba ndi mphika, ndi osavuta kukumbukira kuposa aneni. Ndipo popeza kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, amene buku lotanthauzira limaŵapatsa ndime ziŵiri, m'mndandanda wa 7,776 ayenera kutenga malo amodzi okha.